Depoti Ikatsekedwa Mafuta Amatsala Pansi: Samalani Citsime Canu

Malo osungirako mafuta a galimoto akatsekedwa, anthu ambiri amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Eni ake amazula mapampu, amatsitsa cikwangwani, udzu n'kumera. Pakapita zaka zingapo munthu wina amagula poloti pamalopo, namanga nyumba, nakumba citsime kuseri kwa khichini. Koma petulo, dizilo ndi oilo zimene zinali kudontha pamenepo kwa zaka zambiri sizisamuka pamodzi ndi eni ake. Zimatsala m'nthaka, ndipo pang'onopang'ono zimatsikira ku madzi amene ife timatunga.

Tikanena za madzi oipa, ambiri timakumbukira kolera, kamwazi ndi kutsegula m'mimba. Matenda amenewa amagwira munthu msanga ndipo aliyense amawaona. Poizoni wa mafuta sacita phokoso. Banja likhoza kumwa madziwo caka ndi caka osazindikira kanthu, pamene thupi likuonongeka m'kati. Lero tiona m'mene mafuta amalowera m'madzi a pansi, m'mene akatswiri amayeretsera malo otere, ndiponso zimene inu mungacite pa nyumba panu.

Cifukwa cake tikuchula Mambwe

Boma la Mambwe, m'cigwa ca Luangwa, ndi citsanzo cabwino ca malo amene ayenera kukhala maso pa nkhani imeneyi. Mafuta onse ogwiritsidwa nchito kumeneko amabwera pa msewu, ambiri kudzera ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 100 kuti afike ku Mfuwe. Cifukwa ca kutalika kwa mtunda ndi kubvuta kwa miseu ina nthawi ya dzinja, anthu a m'cigwa anazolowera kale kusunga mafuta awoawo m'matanki ndi m'madiramu: m'makampu a alendo odzaona nyama, pa zigayo, pa majenereta, m'magalaja, ndi m'misasa ya okonza miseu. Pa bwalo la ndeke la Mfuwe napo pamafunika mafuta a ndeke.

Zimenezi sizinayambe dzulo. Dzina lakuti Cropping, limene likudziwikabe ku Mfuwe, linacokera ku nchito yocepetsa njobvu, mvuu ndi njati imene inali kucitika m'zaka za m'ma 1960. Paki ya South Luangwa inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo kuyambira nthawi imeneyo magalimoto sanaleke kuyenda m'cigwa. Pa zaka zonsezi makampu ena atsekedwa, ena asamuka, misasa ya miseu yaphwasulidwa. Ndipo anthu akuculuka: kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 100,000 m'boma la Mambwe. Malo amene kale anali bwalo la madiramu kunja kwa mudzi, lero akhoza kupezeka pakati pa nyumba.

Nthaka ya m'cigwa nayo imathandiza kuti mafuta ayende. Pafupi ndi mitsinje ya Luangwa ndi Lupande pali mcenga wambiri umene madzi osefukira anaunjika, ndipo m'malo ambiri madzi a pansi sali patali. Amai amene amafukula mcenga m'mitsinje youma m'mwezi wa Okutobala amadziwa bwino zimenezi. Kumene madzi amapezeka msanga cotero, mafuta otayika nawo amawapeza msanga. Komanso cigwa cimasefukira, monga zinacitikira mu Febuluwale 2007 pamene Luangwa anadzaza namiza makampu ndi minda. Madzi osefukira amagudubuza madiramu, amanyamula dothi la mafuta kukalitaya kwina, ndipo angathe kukweza ngakhale thanki yopanda kanthu yokwiriridwa pansi, mapaipi ake n'kuthyoka.

Inu a m'makomboni a Kapata, Mchini, Nabvutika ndi Magazine mu Chipata, kapena a ku Katete, Petauke ndi Lundazi, musati nkhaniyi ndi ya anzathu a ku cigwa okha. M'tauni ndi momwe muli magalaja ambiri, ma filling station ndi mayadi akale a mabasi ndi malole, ndipo mabanja ambiri amadalirabe zitsime zosazama pamene pompi wauma.

Mafuta amalowa bwanji pansi?

Njira yoyamba ndi thanki yokwiriridwa. Matanki akale anali a citsulo ca khungu limodzi. Citsulo cikakhala m'dothi lonyowa zaka 20 kapena 30 cimagwidwa dzimbiri, ndipo pamabooka kaciboo kocepa ngati ka singano. Poti thankiyo ili pansi, palibe amene amaona. Madontho ocepa pa mphindi iliyonse, usiku ndi usana, amakwana madiramu pakutha pa zaka.

Njira yaciwiri ndi mapaipi ndi molumikizira mwake. Yacitatu ndi kutayikira kwa tsiku ndi tsiku: pothira mafuta m'thanki n'kusefukira, popopa dizilo kucokera m'diramu, potsuka injini, kapena pokhuthulira oilo wakutha pa dothi kuseri kwa galaja.

Bvutoli si la maiko osauka okha. Ku America boma linakhwimitsa malamulo a matanki a pansi mu 1988, ndipo linapatsa eni matanki akale zaka 10 kuti awakonze kapena awacotse. Ciyambire nchito imeneyo, apeza malo oposa 500,000 pamene mafuta anatayikira m'nthaka. Ngati citsulo cimacita dzimbiri kumeneko, kuno kwathu nako cimacita.

Mafuta akalowa m'dothi amatsika mpaka atafika pa madzi a pansi. Popeza ndi opepuka kuposa madzi, amayandama pamwamba pake monga momwe mafuta ophikira amayandamira pa msuzi. Gawo lina limasungunuka m'madzimo n'kuyamba kuyenda nawo. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pansi pa nthaka napo madzi ali ndi njira zake: amayenda kucokera kumtunda kupita kumunsi, kulunjika ku dambo kapena ku mtsinje. Poizoni amayenda nawo mamita makumi angapo, nthawi zina kupitirira 100. Citsime kapena mjigo wopopedwa kwambiri umakokera madzi oipawo kwa iwo wokha.

Dzinja likafika madzi a pansi amakwera, cilimwe amatsika. Kukwera ndi kutsika kumeneku kumapaka mafuta m'dothi lonse la pakati. N'cifukwa cake citsime cina cimanunkha mafuta mvula ikagwa, fungo n'kutha m'cilimwe, eni ake n'kuyesa kuti bvuto latha.

Poizoni amene ali m'mafuta

M'petulo muli mankhwala ambiri, koma oopsa kwambiri pa madzi akumwa ndi benzene. Ameneyu amasungunuka m'madzi msanga kuposa anzake ambiri, ndipo madokotala anatsimikiza kale kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Amaononga mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, cotero munthu amene wakhala akumumwa kapena kumupuma nthawi yaitali angathe kucepa magazi, kudwaladwala ndi kukha magazi osaleka msanga akabvulala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire akuti benzene asapitirire mamaikrogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kuti timvetse kucepa kwake: kasupuni kamodzi ka tiyi kodzaza benzene ndi kokwanira kufikitsa pa malire amenewa madzi a m'madiramu pafupifupi 2,000 a malita 210. Tsono ganizirani za thanki imene yakhala ikudontha zaka khumi.

Poizoni waciwiri ndi mtovu, umene pa Cingelezi amati lead. Kwa zaka zambiri petulo anali kuikidwa mtovu kuti injini iziyenda bwino. Maiko a mu Africa a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti asiye petulo wotere pofika kumapeto kwa 2005, ndipo pa dziko lonse anatheratu mu 2021. Koma depoti imene inagwira nchito m'zaka za m'ma 1970, 1980 ndi 1990 inasunga petulo wa mtovu. Mtovu suola. Umakhala m'dothi, ana n'kuumeza pamodzi ndi fumbi la m'manja mwao. Umaononga ubongo wa mwana, ndipo mwanayo amabvutika kugwira maphunziro ku sukulu.

Dizilo ndi oilo wakutha sasungunuka kwambiri m'madzi, koma amakhalitsa m'dothi ndipo amatupitsa khungu. Oilo wakuda wocokera mu injini ali ndi zitsulo ndi mankhwala ena oyambitsa khansa ya pakhungu kwa amene amamugwira kawirikawiri.

Phunziro la ku Ogoni

Kuti tione kukula kwa ngoziyi, tiyeni tipite ku Nigeria, ku dera la Ogoni kumene kwakhala kukutayika mafuta kwa zaka zambiri. Mu Ogasiti 2011, nthambi ya United Nations yoona za cilengedwe ya UNEP inatulutsa lipoti la kafukufuku wake. Pa mudzi wa Nisisioken Ogale, pafupi ndi paipi yonyamula mafuta, anapeza anthu akumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene wopitirira malire a WHO nthawi zoposa 900. Pamwamba pa madzi a pansi panali kuyandama mafuta ocindikala masentimita 8.

Akatswiriwo anati kuyeretsa dera lonse kungatenge zaka 25 mpaka 30, ndipo anapempha madola 1 biliyoni ongoyambira nchito. Boma la Nigeria linakhazikitsa nchitoyo mu 2016. Ogoni ndi dera la migodi ya mafuta, losiyana ndi kadepoti ka m'boma lathu. Koma mafuta amayenda m'nthaka mofanana kulikonse, ndipo phunziro lake ndi limodzi: kutaya kumatenga tsiku, kuyeretsa kumatenga zaka.

Zizindikiro zofunika kuziona

Madzi akunukha petulo, dizilo kapena parafini, makamaka m'mawa mukangobvundukula citsime.

Pamwamba pa madzi m'ndowa pakuoneka mitundu ngati utawaleza. Apa pafunika kusiyanitsa. Madzi a m'dambo okhala ndi dzimbiri la cilengedwe nawo amacita kakhungu konyezimira. Tengani kamtengo mukakhudze: kakasweka tizidutswa osabwererana, ndi dzimbiri, kakapota n'kulumikizananso, ndi mafuta.

Tiyi kapena nsima ikumveka kakomedwe kacilendo.

Pokumba maziko, cimbudzi kapena citsime mwapeza dothi lakuda kapena lotuwa lonunkha mafuta, mapaipi akale, kapena cibvundikiro cacitsulo pakati pa simenti.

Pali cigamba ca malo pamene udzu sumera, pomwe ponse pozungulira pali pobiriwira.

M'nyumba mukumveka fungo la mafuta locokera pansi, ndipo a m'banja akudandaula mutu, cizungulire, mseru, maso kuyabwa kapena zotupa pakhungu akasamba.

Koma dziwani ici: mphuno si laboratori. Benzene angathe kukhala m'madzi mopitirira malire popanda fungo lililonse. Ngati citsime canu cili kumunsi kwa malo amene kale anali osungirako mafuta, madziwo ayenera kupimidwa ngakhale akuoneka oyera mbee.

A pa pompi nanunso samalani. Paipi ya pulasitiki ikadutsa m'dothi lonyowa ndi petulo, mankhwala amalowerera m'pulasitikimo ngakhale paipiyo isanabooke. Madzi a pa pompi akanunkha mafuta, kauzeni a kampani ya madzi tsiku lomwelo.

Kuwiritsa ndi Clorin sizicotsa mafuta

Tinaphunzitsidwa kuti madzi okayikitsa tiziwiritsa kapena kuthiramo Clorin, ndipo malangizo amenewa ndi oona pa nkhani ya tizilombo ta kolera ndi kamwazi. Koma mafuta si tizilombo, ndipo saphedwa. Clorin sawacotsa. Mukawiritsa madzi a petulo, benzene amatuluka ndi nthunzi, ndipo amai amene aweramira mphikawo ndi mwana ali kumbuyo ndiwo amayamba kumupuma. Mtovu ndiye umatsala mumphika momwemo. Kusefa pa nsalu sikuthandizanso.

Cotero madzi onunkha mafuta musamwe, musaphikire, musasambitsire ana, musamwetse ziweto. Tsekani citsimeco ndi kuuza anansi onse amene amatungapo. Musayatse macesi kapena kutsitsa nyali m'citsime cotere, pakuti mpweya wa petulo ndi wolemera, umaunjikana pansi ndipo umaphulika. Musatume mnyamata kulowamo kuti akacape: mpweya womwewo umakomola munthu asanakuwe n'komwe.

M'mene akatswiri amayeretsera malo

Nchito imayamba ndi kufufuza mbiri ya malowo. Matanki anali angati, anakwiriridwa pati, munali mafuta a mtundu wanji? Apa akuluakulu a pamudzi, anduna a mfumu ndi anthu amene anagwirapo nchito amathandiza kwambiri, cifukwa nthawi zambiri mapepala amakhala atasowa.

Kenaka akatswiri amaboola timabowo m'malo osiyanasiyana, natenga dothi ndi madzi. Amaika timijigo tating'ono topimira, kuti adziwe kumene madzi a pansi akulowera ndi pamene poizoni wafika. Madzi opima amaikidwa m'mabotolo agalasi odzaza mpaka kukamwa, osasiya mpweya, ndipo amasungidwa pozizira mpaka akafike ku laboratori yokhala ndi makina ake. Kupima kwa masiku onse kofuna tizilombo sikuonetsa benzene, cotero pokapempha nenani poyera kuti mukukayikira mafuta.

Caciwiri ndi kucotsa gwero. Thanki imapopedwa mafuta ndi matope otsalira, imacotsedwa mpweya woyaka, kenaka n'kufukulidwa. Ngati ili pansi pa nyumba ndipo singatuluke, amaitsuka n'kuidzaza ndi mcenga kapena simenti. Kuyeretsa madzi thanki yodontha idakali pansi kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha.

Cacitatu ndi dothi. Dothi lonyowa ndi mafuta limakumbidwa n'kuyalidwa pa malo okonzedwa, pansi pake atayala pulasitiki wocindikala ndi kumanga mpanda wa dothi kuti mvula isakokolole. M'nthaka muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mafuta n'kuwasandutsa madzi ndi mpweya. Kuti tigwire nchito msanga timafuna mpweya, cinyezi ndi cakudya. Motero dothilo amalisakaniza ndi manyowa kapena feteleza pang'ono, amalitembenuza kawirikawiri ndi kulithirira, ngati mlimi akusamala dimba. Kutentha kwa kuno kwathu, makamaka kwa m'cigwa, kumafulumizitsa tizilomboti. Dothi la dizilo lingathe kuyera pa miyezi ingapo kapena caka ndi kupitirira. La oilo wakuda limatenga nthawi yaitali. Pamene sangathe kukumba, amalowetsa mapaipi m'nthaka ndi kuyamwa mpweya wa petulo ndi makina.

Cacinai, cimene ndi cobvuta ndi codula kopambana, ndi madzi. Poyamba amayengula mafuta oyandama ndi mapampu apadera. Kenaka amapopa madzi oipa, kuwaombetsa mphepo kuti benzene atuluke, kapena kuwadutsitsa m'makala opangidwa mwapadera ku fakitale amene amagwira poizoni. Makala amenewa si a pa mbaula ai. Njira ina ndi kupopera mpweya pansi kuti tizilombo tija tidye mafuta komweko. Ngati poizoni watsala wocepa ndipo palibe citsime pafupi, nthawi zina amasiya cilengedwe cimalize, koma akupimabe madzi miyezi ingapo iliyonse. Nchito ya madzi imatenga zaka, ndipo pa nthawi yonseyo anthu ayenera kupatsidwa madzi ena, kaya ndi mjigo watsopano kumtunda kwa malowo kapena paipi yocokera kwina.

Pomaliza amapimanso. Malo sayera cifukwa cakuti dzenje lakwiriridwa ndipo pamwamba pathiridwa dothi lofiira. Amayera pamene zotsatira za ku laboratori zanena cotero.

Mtovu ndiwo suli m'gulu la zodyedwa ndi tizilombo. Umboni tili nawo m'dziko lathu lino. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi la makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndi m'magazi a ana. Mu 2016 World Bank inabvomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo oonongeka ndi migodi ku Kabwe ndi ku Copperbelt. Mtovu wa ku Kabwe unacokera ku mgodi, ndipo ndi woculuka kutalitali kuposa wa pa depoti ya petulo. Koma mankhwala ake ndi amodzi: kucotsa dothi loipa, kapena kulikwirira ndi dothi labwino, udzu kapena simenti kuti ana asalikhudze.

Ndani ayenera kulipira?

Lamulo la Zambia silinasiye nkhaniyi m'manja mwa mwini citsime. Lamulo loteteza cilengedwe la 1990 ndilo linabala bungwe la Environmental Council of Zambia, limene linayamba nchito mu 1992. Mu 2011 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Environmental Management Act, ndipo bungwelo linasanduka ZEMA. Limodzi mwa maziko a lamuloli ndi lakuti woononga ndiye alipire. ZEMA ili ndi mphamvu yolamula amene waipitsa nthaka kapena madzi kuti akonze malowo ndi ndalama zake.

Bungwe la Energy Regulation Board, kapena kuti ERB, ndilo limapereka malaisensi osunga ndi kugulitsa mafuta, ndipo limayendera madepoti ndi ma filling station. Bungwe la WARMA limayang'anira madzi a m'mitsinje ndi a pansi, ndipo kuyambira 2018 malamulo amafuna kuti mijigo izilembetsedwa kumeneko.

Munthu wa ku Masumba kapena ku Mchini sayenera kukwera basi kupita ku Lusaka kuti akadandaule. Yambirani pa kiliniki yapafupi, kwa ofesala wa zaumoyo amene ambiri amamucha EHT. Pitaninso ku khonsolo, ku ofesi ya zaumoyo wa anthu. A kumudzi auze anyakwawa ndi mfumu. M'boma la Mambwe malo ambiri ali m'manja mwa mafumu a Cikunda: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro. Dandaulo likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku, ndipo musunge kope lanu. Ndi bwino kupita monga gulu la mabanja onse otunga pa citsimeco, cifukwa mutu umodzi susenza denga.

Musanagule poloti kapena kukumba citsime

Safunsa anadya phula. Funsani anthu okhalitsa pamalopo kuti kale panali ciani. Mukamva kuti panali galaja, depoti, cigayo ca dizilo kapena msasa wa okonza miseu, musafulumire kulipira. Funsani ngati matanki anacotsedwa, ndipo muone mapepala ake. Citsime cikumbidwe kumtunda kwa malo otere, osati kumunsi, ndipo kutali ndithu. Mtunda wa mamita 30 umene timauzidwa pakati pa citsime ndi cimbudzi unaikidwa poganizira tizilombo. Mafuta angathe kupitirira pamenepo.

Pa dothi lokayikitsa musalime ndiwo zamasamba, mbatata kapena cinangwa, ndipo ana asaseweretsepo.

Zimene timacita tokha pa nyumba

Si makampani okha amene amaipitsa madzi. Zizolowezi zina za m'makomboni zimacita cimodzimodzi.

Ena amathira oilo wakutha kapena dizilo m'cimbudzi kuti aphe mphutsi ndi fungo. Dzenje la cimbudzi ndi njira ya cidule yopita ku madzi a pansi, ndipo oiloyo amaphanso tizilombo tothandiza kuoletsa zonyansa. Thirani phulusa m'malo mwake. Ena amawaza oilo pabwalo kuti fumbi ligone. Ana amakwawa pomwepo.

Diramu kapena cigubu cimene munali petulo, dizilo kapena mafuta a ndeke si cosungiramo madzi akumwa, thobwa kapena cimanga, ngakhale mutatsuka kangati ndi sopo. Pulasitiki amamwa mafuta n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ndipo inu owocherera zitsulo, diramu yopanda kanthu ndiyo yoopsa kuposa yodzaza, cifukwa m'kati mwake mwadzaza mpweya wophulika. Musaidule ndi moto kapena makina otulutsa nthethe.

Amene mumagulitsa mafuta m'zigubu m'mbali mwa msewu kapena kusunga kuseri kwa nyumba, dziwani kuti lamulo limafuna laisensi, ndipo ngozi yake si ya madzi okha. Pa 17 Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'cigawo ca Tete ku Mozambique, lole yonyamula petulo inaphulika anthu akutunga mafuta m'zigubu, ndipo anthu oposa 70 anafa.

Oilo wakutha asungidwe m'cigubu cotseka, pa simenti, pansi pa denga, mpaka aperekedwe kwa anthu ololedwa kumutenga. Mafuta akatayikira pansi, thirani mcenga kapena utuci msanga, wolani n'kuika m'thumba lolimba. Musatsukire ndi madzi kulowetsa mu ngalande.

Mwana akamwa mafuta

Parafini, petulo kapena dizilo zisaikidwe m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, cifukwa mwana waludzu sasiyanitsa. Ngozi ikacitika, musamusanzitse. Posanza mafuta amalowa m'mapapo n'kuyambitsa cibayo coopsa. Musamukakamize kumwa mkaka, mafuta ophikira kapena mazira. Mubvuleni zobvala zonyowa ndi mafuta, musambitseni ndi sopo, mukhazikeni pa mphepo yabwino, ndipo thamangirani naye ku cipatala mutanyamula botololo. A m'cigwa apite ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca Kamoto; a m'tauni ku kiliniki kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata. Ngakhale mwanayo akuoneka bwino, mupite nayebe, pakuti kutsokomola ndi kubanika kungayambe patapita maola.

Ngati banja lanu lakhala likumwa madzi amene pambuyo pake apezeka kuti ali ndi mafuta, kauzeni a cipatala kuti mwamwa nthawi yaitali bwanji. Amai oyembekezera ndi ana aang'ono ndiwo ayenera kuonedwa coyamba.

Awerengi athu, mafuta ndi ofunika. Popanda iwo ambulansi siyenda, cigayo sicilira, mlendo safika ku Mfuwe. Cimene tikupempha ndi cakuti wosunga mafuta asamale, ndipo wotseka depoti acoke ndi matanki ake ndi kusiya nthaka yoyera monga anaipezera. Makhonsolo asagawe mapoloti pa malo otere asanapimidwe. Ndipo inu amene mumatunga madzi m'mawa uliwonse ndinu oyamba kumva fungo ndi kuona utawaleza m'ndowa. Mukaona cacilendo, lekani kumwa, cenjezani anansi, ndipo kaneneni ku kiliniki tsiku lomwelo.